Pa Bwalo la Jumbe ku Nkhotakota

Ife a kuno ku Chisepo ndife anthu akumtunda. Nyanja timaidziwira pa usipa ndi utaka umene amalonda amabwera nawo tsiku la msika, ndipo ambiri mwa ana athu amakula mpaka kumanga banja asanaone madzi aakuluwo ndi maso awo. Chifukwa chake, pamene sukulu zidatsekera m'mwezi wa Ogasiti, akulu a mpingo angapo pamodzi ndi achinyamata tidasonkherana ndalama, tidapeza galimoto, ndi kupita ku Nkhotakota. Anawo ankafuna nyanja. Koma ife akuluakulu tidali ndi chathu kumtima, pakuti tinkafuna kukaima pa malo amene agogo athu ankawatchula motsitsa mawu, ndiwo bwalo la Jumbe.

Tidanyamuka tambala woyamba atangolira. Titafika pa Mponela tidakhotera kum'mawa kulowera ku boma la Ntchisi, kumene okalamba amakumbukabe dzina lakale la Visanza. Dzuwa lidatitulukira tikuona phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yobiriwira, m'mene makolo athu ankathawira pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Kuchokera pamenepo njira ndi yotsetsereka yokhayokha. Tidalowa mu msewu wochokera ku Kasungu, umene umapyola m'nkhalango yosungiramo nyama, ndipo majuzi amene tidavala m'mamawa tidayamba kuwavula mmodzimmodzi. M'nkhalango imeneyi boma pamodzi ndi bungwe la African Parks adabweretsamo njovu pafupifupi 500 m'zaka za 2016 ndi 2017, kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Tidawakumbutsa anawo kuti m'dera lomweli, zaka zoposa 150 zapitazo, minyanga ya njovu inkatsikira ku nyanja itasenzedwa pa mapewa a anthu, ndi kuti wosenzayo nayenso adali katundu wamalonda.

Nkhotakota, amene azungu ankalemba kuti Kota Kota, ndi umodzi mwa mizinda yakale ya dziko lathu. Pamene ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudali tchire ndi timidzi tapatalipatali, kuno kudali kale chikhamu cha anthu, misika ndi doko. Cha m'ma 1840 kudafika munthu wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah. Adafika monga mlendo wamalonda, napempha malo kwa mafumu a Achewa a m'deralo, amene wamkulu wawo wodziwika ndi Malengachanzi. Adampatsa malo monga mwa mwambo wathu. Koma mlendoyo adali ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndipo m'masiku amenewo a nkhondo anthu ambiri adathamangira kukakhala pafupi ndi mwini mfutizo kuti atetezedwe. Posapita zaka zambiri mlendo uja adaposa eni dziko mphamvu. Dzina loti Jumbe ndi la udindo, ndipo anthu anayi adalowa ufumuwo motsatana. Mbali yakale ya mzindawu imatchedwa Linga kufikira lero lino.

Malonda aakulu a Jumbe adali minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda, kuzigawo za Ntchisi, Dowa, Kasungu mpaka kuchigwa cha Luangwa, ankatsika nawo ali m'magoli, nawasunga pa Linga kudikira mphepo yabwino. Akachuluka ankawapanikiza m'zombo za matanga ndi kuwaolotsera tsidya la kum'mawa. Kuchokera kumeneko udali ulendo wapansi wa miyezi itatu kapena inayi kukafika ku Kilwa, ndipo otsala ndi moyo ankawatengera ku msika wa ku Zanzibar. Dr David Livingstone adalemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, adawerengera akapolo 19,000 ochokera kuzigawo za nyanja yathu amene ankadutsa pa kasitomu ya chilumbacho chaka ndi chaka. Nambala imeneyi ndi ya okhawo amene adafika. Ofera pa nkhondo yowagwira, ofera m'njira ndi ana otayidwa kuthengo palibe adawawerenga.

Titatsika galimoto tidayamba tapita ku mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne, kumene kuli mkuyu waukulu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. Nthambi zake ndi zotambalala kotero kuti gulu lathu lonse lidakhala pamthunzi ndipo malo adatsalabe. Livingstone adaiona nyanja yathu koyamba mu 1859. Mu 1861 adayenda pa bwato m'mbali mwa gombe lino, ndipo mu Seputembala 1863 adafika pa Nkhotakota wapansi, napeza amisiri akukhoma chombo chatsopano choolotsera akapolo. Mbiri ya eni mudzi imati adakhala pansi pa mkuyu pamodzi ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa, nawadandaulira kuti aleke kugulitsa anthu. Atachoka pano adakwera mtunda kulowera kwa Mwase ku Kasungu.

Ana athu ena adaphunzira kuti Livingstone ndiye adathetsa ukapolo pansi pa mtengo umenewu. Tidayenera kuwawongolera. Mawu ake adamveka pa bwalo, koma zombo zidapitirizabe kuoloka kwa zaka zina pafupifupi 30. Iye adamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ndipo m'chaka chomwecho msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa, koma kuno kumtunda malondawo sadathe. Mu 1889 Harry Johnston adafika pa Nkhotakota napangana pangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo Angerezi adayamba kumlipira ndalama chaka ndi chaka kuti akhale bwenzi lawo. M'chaka chomwecho, pa 28 Novembala, Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere, kwathu ku Dowa. Dziko lidalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Jumbe wachitatu adamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake sadakhalitse: atsamunda adamchotsa pampando namtumiza ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe udathera pomwepo, utakhala zaka ngati 50.

Amishoni a Anglican adayamba ntchito pano mu 1894, ndipo mtsogoleri wawo, Arthur Fraser Sim, adamwalira chaka chotsatira. Mu 1895 momwemo Bishopu Chauncy Maples adamira pa nyanja chombo chake chitagubuduzika ndi namondwe, ndipo mtembo wake udaikidwa pa Nkhotakota pompano. Tidalowa m'tchalitchi cha All Saints mwaulemu, tidapemphera, ndi kutuluka. Tisaiwalenso kuti mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachitira msonkhano wake waukulu mu mzinda womwewu, ndipo ndi pamene Dr Kamuzu Banda adapatsidwa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Motero pa Nkhotakota pagamulidwa nkhani zazikulu za dziko lino kangapo konse.

Kuchoka pa mishoni tidatsikira ku Linga, motsogozedwa ndi nkhalamba ina ya Chisilamu imene idatilandira mokoma mtima. Tidayenda m'tinjira tamchenga pakati pa nyumba zothithikana, pansi pa mitengo ya mango ndi ya kokonati, mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera ku nyanja. Adationetsa zotsalira za mzikiti wakale ndi manda a a Jumbe. Pamenepo mtsikana wina wa gulu lathu, amene ali mu Sitandade 8, adafunsa kuti, “Agogo, nanga nyumba yachifumu ya Jumbe ili kuti? Ife timayesa tikaona chinyumba chachikulu.” Nkhalambayo idaseka pang'ono, ndi kuloza ndi ndodo yake pa nyumba za anthu ndi pa mabwalo oyanikapo mpunga, nati, “Mdzukulu wanga, zimene zilipo ndi zomwe ukuonazi.”

Munthu amene dzina lake linkanjenjemeretsa midzi mpaka ku Luangwa sadasiye khoma loti mwana wa sukulu alikhudze ndi kunena kuti apa ndi pamene ankagona. Zotsala zake ndi manda, chipembedzo chimene adabwera nacho, ndi mpunga wa faya umene anthu amati udafala ndi Aswahiliwo. Tidachenjeza achinyamata athu kuti asachoke pano ndi mtima wodana ndi Asilamu a lero. Ambiri a iwo ndi zidzukulu za anthu omwe adavutika m'masiku amenewo, ndipo maiko odzitcha achikhristu nawonso adaolotsa anthu mamiliyoni ambiri kupita nawo ku America.

Masana anawo adasamba m'nyanja mpaka kukhuta. Dzuwa litapendeka tidakhala pamchenga, ndipo funso la mtsikana uja lidatikumbutsa za mzinda wina wakutali umene tidauwerenga m'mabuku, nitiona zithunzi zake. Tidawasimbira, ndipo tifuna kusimbiranso inu owerenga, pakuti kuyerekeza mabwalo awiriwa kudatithandiza kumvetsa za kwathu.

M'dziko la Italy muli mzinda wotchedwa Siena, womangidwa pa zitunda monga za ku Dowa. Pakati pake pali bwalo lalikulu lotchedwa Piazza del Campo, looneka ngati chigoba cha nkhono yam'madzi, loyalidwa ndi njerwa zofiira, ndipo limatsetserekera ku nyumba imodzi yaikulu yotchedwa Palazzo Pubblico, ndiko kunena kuti nyumba ya anthu onse. Adayamba kuimanga mu 1297, ndipo pambali pake pali nsanja yotalika kupitirira mamita 80. Mzindawu udalibe mfumu. Kuyambira 1287 kufikira 1355 unkalamulidwa ndi bungwe la amuna asanu ndi anayi, osankhidwa mwa amalonda a mumzindamo, ndipo gulu lililonse linkakhala pa udindo miyezi iwiri yokha, likugona m'nyumba momwemo, kenaka n'kusiyira ena. Njerwa za pabwalopo adazigawa zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo anthu amati ndi chikumbutso cha bungwelo. M'zaka za 1309 ndi 1310 adalamula kuti malamulo a mzinda amasuliridwe kuchokera m'Chilatini kupita m'chinenero cha anthu wamba, ndi kuikidwa poyera, kuti wosauka ndi wosaphunzira Chilatini azitha kudziwerengera yekha.

Chimene chidatikhudza koposa ndi ichi. M'zaka za 1338 ndi 1339 olamulirawo adalemba ntchito mmisiri wa zithunzi, Ambrogio Lorenzetti, kuti ajambule pa makoma a chipinda chawo chochitiramo misonkhano zotsatira za ulamuliro wabwino ndi za ulamuliro woipa. Pa khoma lina pali mzinda wamtendere: amisiri akumanga nyumba, wosoka nsapato ali pa ntchito yake, mphunzitsi akuphunzitsa ana, alimi akulima ndi kukolola mopanda mantha. Pa khoma lina pali wolamulira wankhanza wokhala ndi nyanga, Chilungamo chili chomangidwa pansi pa mapazi ake, nyumba zikugumuka, midzi ikupsa, ndipo asilikali akugwira mkazi pamsewu. Aliyense wolowa kukagamula nkhani ankayenera kukhala pakati pa zithunzi ziwirizo. Titafotokoza za khoma lachiwirilo, mnyamata wina adati, “Aphunzitsi, zimenezotu ndi za kuno.” Tidamvomera.

Tisawayese angelo anthu a ku Siena. Osauka adalibe mpando m'bungwe lija, ndipo m'mizinda ya m'dera lomwelo, monga Florence, mabanja olemera ankagula akapolo. Mliri waukulu wa mu 1348 udapulula anthu ochuluka a mumzindamo, ndipo mu 1355 anthu adaukira bungwelo nalichotsa. Komabe nyumbayo ilipo lero, zaka zoposa 700 chiyambire kumangidwa, ndipo akuluakulu a mzinda akugwiriramobe ntchito. Ena adzati yakhalitsa chifukwa ndi ya njerwa zootcha ndi miyala, pamene nyumba za ku Linga zidali za dothi ndi udzu. Zimenezo ndi zoona, koma njerwa nazonso zimagwa ngati palibe wozisamala. Tonse tidaonapo nyumba za njerwa za m'maesiteti akale zitasanduka mabwinja. Mibadwo ya ku Siena idakonza denga la nyumbayo chifukwa idaiona kuti ndi yawo. Nyumba imene anthu ankaiyandikira ali m'goli palibe mdzukulu angaifolere udzu.

Tsono nkhani yovuta ndi iyi, ndipo tiinena ngakhale ikutiwawa. Anthu amene adatsikira ku Linga sadagwidwe onse pa nkhondo. Ambiri adachokera pa mabwalo a midzi yakumtunda, mabwalo onga athu omwewa a pansi pa kachere. Nsalu ndi mfuti zitayamba kulowa, milandu imene kale inkatha ndi nkhuku kapena mbuzi idayamba kutha ndi munthu. Wangongole, woganiziridwa ufiti, kapena wogwidwa ndi mkazi wamwini ankaperekedwa kwa amalonda. Mwinimbumba ankatha kupereka mwana wa mlongo wake kuti alipire mlandu wa banja, ndipo woyamba kusankhidwa adali mwana wamasiye kapena mlendo wopanda womulankhulira. Jumbe adali wogula, koma wogula sagula popanda wogulitsa. Bwalo limene lidakhazikitsidwa kuti liteteze wofooka ndi limene lidamtulutsa m'mudzi.

Mawu a Mulungu amalidziwa bwalo. Kwa Aisraeli malo oweruzira milandu adali pa chipata cha mudzi. Pa mutu 4 wa buku la Rute timawerenga za Boazi atakhala pa chipata pamodzi ndi akulu khumi, akukonza nkhani ya munda ndi ya akazi awiri amasiye, mmodzi wa iwo mlendo wa ku Moabu, ndipo nkhaniyo idatha mokomera ofookawo. Pa mutu 5 wa buku la Amosi mneneri akudzudzula chipata chomwecho chitaipa, pamene oweruza ankalandira ziphuphu ndi kukankhira kumbali aumphawi. Chipata chidali chimodzi, koma okhalapo ndiwo adasiyana.

Ife amene tikulemba nkhaniyi takhala pa mabwalo zaka zambiri, pa bwalo la mudzi ndi pa bwalo la akulu a mpingo, ndipo sitingadziyeretse. Tikukumbukira mlandu wa mayi wina wamasiye amene adalandidwa dimba ndi munthu wachuma wa m'dera lathu. Malire ake tinkawadziwa bwino, pakuti tidaona malemu mwamuna wake akubzala nthochi m'mphepete mwake. Koma wolandayo adali wopereka kwambiri pa chitukuko, ndipo pamene mfumu idafunsa ngati alipo wodziwa kanthu, tidayang'ana pansi. Mayiyo adasamuka m'mudzimo chaka chomwecho pamodzi ndi ana ake atatu. Titaima pa manda a ku Linga, nkhope yake ndi imene idatibwerera m'maganizo. Palibe adamuveka goli, koma adachoka pa bwalo monga adachokera amasiye a masiku a Jumbe, popanda womulankhulira. Akale adati mlandu suola, ndipo umenewu sudaole mumtima mwathu.

Makolo anzathu, kugulitsa anthu sikudathere mu 1895. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loletsa malonda ozembetsa anthu mu 2015 chifukwa mchitidwewo ulipobe. Masiku ano wogula safika ndi mfuti. Amafika ndi mawu okoma, nalonjeza ntchito ku esiteti, ku tauni kapena ku Joni, nasiyira kholo ndalama pang'ono za sopo. Mwana amene amapita kawirikawiri ndi uja woleredwa ndi achibale, amene kusowa kwake sikudzaliritsa munthu. Tisanalole mwana kuchoka, nkhaniyo ipite pa bwalo, mfumu idziwe, akulu a mpingo afunse kumene akupita ndi dzina la womtenga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu achinyamata tikuti, musathawe bwalo poyesa kuti ndi la nkhalamba. Kakhaleni kumbuyo ndi kumvetsera m'mene milandu imayendera. Inu mumatha kuwerenga, ndipo malamulo a dziko okhudza malo, chuma cha masiye ndi ufulu wa ana akufunika wowawerengera agogo ndi amayi anu m'chinenero chawo, monga adachitira a ku Siena zaka 700 zapitazo. Tsiku lina mudzakhala pa mipando imeneyi ndinu. Ife tilibe zithunzi za pakhoma zotikumbutsa ulamuliro wabwino ndi woipa, koma tili ndi Nkhotakota, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kwathu, ndipo mpingo uliwonse wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ungachite bwino kutengera ana ake kumeneko ngakhale kamodzi kokha.

Tidanyamuka m'mawa mwake titagula mpunga ndi nsomba zouma za kunyumba. Pokwera zitunda anawo adaimba nyimbo za kwaya mpaka tulo tidawagwira, ndipo podzafika ku Ntchisi tidavalanso majuzi athu. Ife akulu tidakhala chete nthawi yaitali. Titayandikira Mponela, mkulu mnzathu amene adali nafe pa mlandu wa dimba lija adatitembenukira nati, “Akulu anzanga, kodi mayi uja sakupezeka kumene adasamukira?” Tidamuyankha kuti akupezeka, ndipo mudzi wake tikuudziwa. Tidagwirizana kuti Loweruka likudzali tikaonane ndi mfumu, tikanene zimene tidaziona ndi maso athu za malire a nthochi aja. Tikupempha owerenga kuti mutikumbukire m'mapemphero anu.